Za ng'ona, gogo wa kumatenti ndi sewero lomwe tinaliimitsa pakati

A Mkonzi,

Ndipatseniko nane kadanga mu nyuzi yanuyi. Ndakhala ndikungowerenga chamumtima pa foni ya mwana wanga osayankhapo kanthu koma ulendo uno ndati ayi ndilembe basi. Mwezi sutha musanatilembere nkhani yoti gogo wakutiwakuti waphedwa kapena amuotchera nyumba pomuganizira ufiti, ndipo nkhani zonsezi mathero ake amakhala amodzimodzi, akuti mneneri wa apolisi wapempha anthu kuti asamatengere lamulo m'manja mwawo. Basi yathera pompo. Chichitikireni zija za ku Neno mu 2016 pomwe agogo anayi anaphedwa tsiku limodzi mphezi itapha mtsikana, pempho limeneli talimva kangati? Nde ine funso langa n'loti amene akupemphedwayo ndi ndani, poti munthu amene wanyamula chigubu cha petulo usiku sawerenga nyuzi, ndipo olo atawerenga iyeyo mumtima mwake sakuona kuti akuphwanya lamulo ayi, akuti akulipsira m'bale wake.

Ine ndine mphunzitsi wopuma, ndimakhala kuno ku chigwa cha Shire cha ku Bangula, ndipo pa ukalamba wangawu ndimathandizana ndi kagulu ka achinyamata a zisudzo a m'dera mwathu. Musaganize gulu lalikulu ayi, ofesi tilibe, akaunti ku banki tilibe, katundu wathu yense amakwana m'saka imodzi ya ufa, jekete lakale la mfumu, wigi yothothoka, ndodo, zitenje ziwiri ndi wezulo yomwe ndinachoka nayo kusukulu. Ng'oma timachita kubwereka ku tchalitchi. Koma ndi tinthu timeneti ndinaona ndi maso angawa chinthu chomwe misonkhano ya matenti ndi masipika sinachitepo kwathu kuno, nde ndati ndikuuzeni mwina ena angatolepo kanthu, komanso ndiulule pomwe ife tomwe tinalakwitsa poti si zonse zinayenda bwino.

Mukudziwa kale kuti kuno madzi ndi mlendo wathu wobwerabwera, 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022, kenako Freddy mu Malichi 2023 yemwe anangomalizitsa zonse. Anthu ambiri a m'mphepete mwa Shire anasamukira kumtunda, ena mwa iwo nyakwawa wathu anawadulira malo kuseri kwa mudzi wathu. Masiku oyamba chisoni chinalipo ndithu, tinkawapatsa mphasa, mapoto, ena kugona nawo m'nyumba. Koma chisoni sichikhalitsa pamene pali njala. Mjigo ndi umodzi, anthu awirikiza, ndowa zinkayamba kufola 3 koloko m'bandakucha ndipo ndewu ya amayi inali ya tsiku ndi tsiku. Galimoto ya thandizo ikabwera inkalunjika kumatenti, ufa, nyemba, mafuta, pamene eni mudzi nawonso zakudimba zawo zinapita ndi madzi omwewo koma pa mndandanda dzina lawo palibe poti nyumba yawo sinagwe. Apa ndi pomwe panabadwira mayina, iwo kumatchedwa a kumatenti, obwera, odya zaulere, iwonso kumatitcha ife ouma mtima. Anthu oti ndi amodzi, chilankhulo chimodzi, ena mpaka pachibale penipeni.

Zili choncho mnyamata wina wa m'mudzi mwathu, msodzi, anagwidwa ndi ng'ona m'mamawa akukawonjola ukonde. Anzake anangoona bwato likuzungulira lokha. Chomwe chinapezeka patatha masiku awiri sindingachilembe pano. Pa maliro pomwepo manong'onong'o anayamba, akuti ng'ona imeneyi si ya m'madzi wamba, ndi yoweta, yachita kutumidwa. Inu a kumtunda mwina museka koma kuno nkhani ya ng'ona zoweta ndi yakalekale ndipo amaikhulupirira ndi ophunzira omwe. Chala chinaloza gogo wina wa kumatenti, wamasiye, amakhala ndi kamdzukulu kamodzi, maso ofiira ndi utsi wa mapesi poti nkhuni kuno n'zosowa, ndipo chimutengereni madzi mwana wake wamkazi amayankhula yekha panjira. Tsoka lake sabata imeneyo anali atakangana ndi malemuyo pa mjigo, mnyamatayo anamuchotsera ndowa pamzere, gogo popsa mtima amvekere "uona". Liwu limodzi lomwelo. Ndani mwa ife sananenepo uona atakwiya? Koma likatuluka mkamwa mwa nkhalamba yosauka yopanda mwana wamwamuna woiikira kumbuyo limasanduka umboni.

Usiku miyala inayamba kugwa pa kanyumba kake. Nyakwawa anaitanitsa bwalo koma anthu sanayankhule, aliyense kuyang'ana pansi, poti pabwalo la mfumu ukatsegula pakamwa ndiye kuti wasankha mbali ndipo mawa uyankha. Apolisi anabwera, anafotokoza bwinobwino kuti lamulo la za ufiti la 1911 likadalipo ndipo kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, anthu anawomba m'manja, galimoto itangokhota miyala inayambiranso usiku womwewo. Sindikuwanyoza apolisi ayi, mbali yawo anachita, koma sangagone pakhomo pa gogo mwezi wonse.

Nde anyamata anga amvekere aphunzitsi tiyeni tipange sewero. Ine poyamba ndinakana, chifukwa chake ndinena kutsogoloku. Titagwirizana sitinayambe ndi kulemba ayi, tinatha sabata yathunthu tikungoyenda ndi kumvetsera, atsikana ku mjigo ndi ku chigayo, anyamata ku dooko, pa bawo ndi komwe amamwera kachasu, osafunsa mafunso ngati a kalembera koma kungotola mawu enieni amene anthu akunena. Madzulo tinkakumana n'kumayeserera mawuwo. Kenako tinachita chinthu chimodzi chomwe ndikuona kuti ndi chomwe chinatipulumutsa, nkhaniyo tinaitembenuza. M'sewero mwathu wogwidwa ndi ng'ona anali mwana wa kumatenti, woganiziridwa ufiti anali nkhalamba yaimuna ya m'mudzi mwathu, mwini nthaka, munthu woti aliyense akamuyang'ana aone agogo ake obereka bambo ake. Tinkafuna eni mudzi alaweko kukhala mbali inayo olo kwa mphindi makumi awiri zokha.

Tisanaonetse tinapita kwa nyakwawa, analola koma amvekere zikavuta ine sindinamve. Tinapita kwa gogo uja, anatiyang'ana nthawi yaitali kenako anati chitani ana anga koma ine ndikakhala kumbuyo kwenikweni kuti zikatentha ndithawe. Kovuta kunali kwa mayi a malemu. Ndinapita ndi mayi akunyumba kwanga, tinakhala pa mphasa pafupifupi ola lathunthu iwo osayankha, potsiriza anangoti dzina la mwana wanga lisatchulidwe. Sanati eya, sanati ayi.

Linali Lamulungu cha m'ma 3 dzuwa litapendeka poti kuno masana simungasonkhanitse anthu, pansi pa mitengo ya nimu. Tinayamba ndi gule wa utse kuti anthu abwere, ndipo anabweradi, koma kakhalidwe kake kanali koonetseratu, eni mudzi uku a kumatenti uko, pakati mpata woti ngolo n'kudutsa. Siteji panalibe, maikolofoni panalibe, zonse mu Chisena chathu chomwechi chosakaniza ndi Chimang'anja. Poyamba anthu ankaseka, makamaka pa ndewu ya pa mjigo poti mtsikana wathu wina amatha kutengera kayendedwe ndi kagwiridwe ka m'chiuno ka amayi akamalalata mpaka aliyense kudziona yekha. Kuseka kunatha pomwe anyamata anayi anafika pakhomo pa nkhalamba ija ndi zikwanje ndi chigubu, nkhalamba ili chogwada ikuti ana anga ndinkakunyamulani ndine muli makanda. Mmodzi watulutsa machesi. Pompo ine ndinaliza wezulo, onse anauma ngati zitsa momwe analirimo.

Ndinatembenukira kwa anthu n'kufunsa, lithe chonchi? Ngati simukufuna lithe chonchi ife ochita sewero nzeru zatithera, alipo angalowe muno adzamupulumutse mkuluyu? Osatiuza muli chikhalire pompo ayi, bwerani mudzachite.

Kunali zii, mpaka kumamveka mbuzi za kutali. Woyamba kulowa anali mkulu wa mpingo wina, anatenga malo a mnansi wa nkhalambayo n'kuyamba kulalikira za chikondi, vesi pa vesi. Apa mumvetse a Mkonzi, anyamata anga ndinawauziratu kuti munthu akalowa osamugonjera msanga chifukwa choti ndi wamkulu, muumitse mutu ngati momwe anthu enieni amaumitsira. Nde wa machesi uja anangowayankha kuti abambo, mwana wanu munamutolapo zidutswa m'bango inu? Mkulu uja kukamwa yasa, anthu kuseka mwamanyazi, anabwerera kukakhala. Wachiwiri anali mnyamata wa Fomu 4, iyeyu analowa ndi lamulo, akuti mumangidwa, mukaseweza zaka zakutizakuti. Anamuyankha kuti ng'ona imadziwa lamulo? Ndipo atimange tonse mudzi uno tione ngati ndende ya ku Nsanje tikakwanemo. Nayenso anatuluka akukanda m'mutu. Ine chamumtima ndinakondwa kuti awiriwa alephera poyera, chifukwa ndi njira ziwiri zomwezi, ulaliki ndi kuopseza, zomwe takhala tikuzidalira zaka zonsezi.

Wachitatu sindinamuyembekezere, msodzi wachikulire wa m'mudzi mwathu yemwe sayankhulayankhula. Iyeyu sanalalikire, anangokhala pansi pakati pa bwalo n'kuyamba kufunsa anyamata a zikwanje aja, mwanayu wagwidwa pa dooko liti, nthawi yanji, madzi anali pati. Kenako anayamba kuwerenga pa zala anthu amene ng'ona inawagwira pa dooko lomwelo iye chikulire, uyu, uyu, mayi uja ankatsuka mbale, mwana uja ankamwetsa ng'ombe, mpaka zala za dzanja limodzi zinatha. Apa sewero analiiwala, anatembenukira kwa anthu enieni amvekere onsewa anagwidwa a kumatentiwa asanabwere, nanga amenewa anawatumira ndani? Pamene timatumbulira nsomba ndi pomwepo, posamba ndi pomwepo, ng'ona ndi nyama yosunga malo, ikazolowera kuti chakudya chimabwera apa ola lakuti imadikira, ine inandigwira ndili mnyamata ndipo panalibe amene ndinakangana naye. Anapinda buluku kuonetsa zipsera za mano kuyambira pa bondo mpaka pa kakolo. Mawu amenewo ndikanawanena ine akanati aphunzitsi ndi za m'mabuku izo, akanawanena wa bungwe akanati wadya alawansi.

Koma chomwe chinawathyola anyamata a m'sewero aja si mawu. Mayi wina wa kumatenti, mwana kumbuyo, anadzuka osanena kanthu n'kukakhala pansi pakhomo penipeni pa nkhalamba ija, miyendo tambalale. Wa machesi anandiyang'ana ine ngati akufunsa kuti nditani poti izi sitinayeserere. Anayesa kumukalipira kuti achoke, mayi duu. Kenako anadzuka wina, kenako wina wa mbali ya eni mudzi, mpaka amayi asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu kukhala mondondozana pakhomopo. Taganizani, mayi wa kumatenti kutchinjiriza nkhalamba yoimira eni mudzi omwewo amene akugenda gogo wa kwawo usiku. Aliyense pabwalopo anamva chimene chikunenedwa olo panalibe anatchula dzina la munthu. Mnyamata wanga anaponya machesi pansi, ndipo anandiuza pambuyo pake kuti aphunzitsi sikunali kuchita sewero kuja, manja ankanjenjemera zenizeni.

Ndisakunamizeni kuti anthu anakumbatirana n'kuyimba nyimbo. Mayi a malemu anachoka pakati pa sewero akulira, mchimwene wake wa malemu anaimirira n'kukuwa kuti mukusewera ndi maliro athu, mpaka lero tikakumana panjira amayang'ana kumbali ndipo sindimuimba mlandu. Gogo uja mpaka pano sapita yekha ku mjigo, amatuma kamdzukulu. Alipo ambiri amene mumtima akukhulupirirabe kuti ng'ona ija inali yoweta. Chomwe chinasintha n'choti miyala inasiya, chifukwa amayi aja anapangana okha kumakagona kwa gogoyo mosinthana kwa masabata angapo, ndipo mnyamata sangagende nyumba imene mwagona mayi ake aang'ono. Tsiku lomwelo bwalo lisanabalalike anagwirizananso kuti ku mjigo kukhale maola a uku ndi maola a uko, ndipo mayina a olandira thandizo aziwerengedwa poyera pamaso pa mbali zonse ziwiri. Mpanda wa mitengo wotchinga ng'ona pa dooko anamanga koma unapita ndi madzi a chaka chotsatira, sunamangidwenso, ulesi wathu womwewu.

Njira imeneyi sindinaipeke ine. Ndili mphunzitsi wachinyamata cha ku Liwonde m'zaka za m'ma 1980 ndinaonako a Travelling Theatre a ku Chancellor College, nthawi ya a Chris Kamlongera ndi a David Kerr, akuchita masewero a zaumoyo m'midzi, za zitsime ndi zimbudzi, ndipo pakati pa sewero ankatembenukira kwa anthu n'kuwafunsa kuti nanga apa titani. Kumbukirani inali nthawi ya Kamuzu, sewero lolembedwa linkayenera kudutsa kaye ku Censorship Board, pamsonkhano munthu sunkayerekeza kufunsa funso, koma m'sewero la chitsime amayi ankapezerapo mpata wodzudzula akuluakulu a m'mudzi ogona pa ntchito. Pambuyo pake ndinadzamva za katswiri wa zisudzo Augusto Boal wa ku Brazil, yemwe boma la asilikali la kwawo linamumanga mu 1971 kenako n'kukakhala kunja. Iye ankafotokoza kuti ali ku Peru mu 1973 ankachita masewero oti oonerera azinena chochita, ochita sewero n'kumachita, nde mayi wina anakwiya kuti zomwe akunena iye sakuzichita bwino, mpaka Boal anamuuza kuti bwerani mudzachite nokha. Mayiyo anakweradi. Nde mukaonetsetsa amene anatsegula khomo loti woonerera alowe m'sewero ndi mayi wamba wopsa mtima, si pulofesa ayi.

Chomwe chimandiwawa n'choti dzina la zisudzo zachitukuko latchuka koma mtima wake tinautaya. Drama yomwe timaiona masiku ano ndi iyi, bungwe labwera ndi galimoto zoyera, tenti yakhomedwa, alendo olemekezeka pa mthunzi ndi mabotolo a madzi, anthu padzuwa la ku Nsanje lino, jenereta ikulira. Pemphero, mawu a uyu, mawu a uyo, kenako woyendetsa mwambo amvekere a drama muli ndi mphindi khumi chonde mufupikitse alendo akubwerera kutali. Walowa mnyamata waika pilo pamimba ndiye mfumu yadyera imeneyo, wina akudzandira ndiye bambo woledzera, anthu kuseka mpaka misozi, pomaliza onse afola n'kunena pamodzi kuti tiyeni tilemekeze ufulu wachibadwidwe, m'manja phwaphwaphwa, zithunzi za lipoti zajambulidwa, tisheti ndi alawansi, basi kwatha. Ndikunena izi ine ndemwe ndinazichitapo kangapo, ndalama yake ndinadya, sindikudziyeretsa ayi. Bungwe lina linatipatsa pepala la mauthenga asanu olembedwa ku ofesi kutauni kuti onse alowe m'sewero ndipo tisasinthe olo liwu limodzi, titapempha kuti tichite mu Chisena anati alendo samva. Nanga sewerolo ndi la alendo?

Ife a kuno tinaphunzira kalekale kuyankha zomwe mlendo akufuna kumva. Chiulutsireni BBC nkhani ya fisi ija, bambo wolipidwa kuti azigona ndi atsikana ndi amayi amasiye pa mwambo, mu 2016 dzina la Nsanje linaipa dziko lonse lapansi, ndipo aliyense wobwera amabwera atakonzeka kale kudzatiphunzitsa. Mukafunsa pamsonkhano ngati kupita kufa, mwambo woti mayi wamasiye agone ndi mwamuna wina poyeretsa mudzi, kukuchitikabe onse amvekere tinasiya kalekale bwana. Malamulo alipo ndithu, la 2013 loletsa miyambo yoipa, la 2011 loletsa kulanda chuma cha masiye, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko akuti wosakwana zaka 18 ndi mwana basi asakwatiwe, onsewa ndi abwino. Koma mayi wamasiye amene akuopa kuti akakana mwambo ana ake adwala n'kufa, ndipo mudzi wonse umusala osadya naye mbale imodzi, mantha akewo sachoka ndi chikwangwani cha pamsewu. Amayamba kuchepa akaona mnzake wamasiye ataimirira pabwalo, olo m'sewero momwemo, akuwayankha alamu ake nyakwawa ali pompo akumva, ndipo akulu a mwambo nawo akunena okha pakamwa pawo kuti njira ina yoyeretsera mudzi ilipo yosafuna kuti mayi agone ndi munthu. Kukana nakonso kumafunika kuyeserera ngati nyimbo ya kwaya kuti pakamwa pazolowere.

Tsopano chifukwa chomwe ndinkakanira poyamba chija. Zaka zingapo Freddy asanabwere tinachita sewero la kulanda chuma cha masiye m'mudzi wina woyandikana nafe, ndipo pofuna kuti ligwire mtima tinatenga nkhani ya mayi wina momwe inalili, ng'ombe zinayi, ngolo, mashini osokera, mpaka kayankhulidwe ka mlamu wake wamkulu. Mayiyo sitinamufunse. Anthu anaseka, analozerana, ife tinanyamula saka yathu n'kubwerera kwathu tikuyamikirana kuti lero nde tamenya. Usiku womwewo achibale a mwamuna anamuthamangitsa akuti wawavula pagulu, anachoka ndi kathumba ka zovala ndi mwana wa kumbuyo kubwerera kwawo kutsidya kwa Shire. Kuno kwa Asena mkazi amakhala kwa mwamuna poti analowoledwa, nde akathamangitsidwa amataya zonse, nyumba, munda, ndi ana omwe. Ndinakamupepesa patapita miyezi, anandilandira, anandiphikira nsima ya ufa wa mapira ndi mlamba, koma anandifunsa funso limodzi lomwe sindinaliyankhe mpaka lero, aphunzitsi inu munali kuti usiku uja?

N'chifukwa chake sindiuza aliyense kuti thamangani kachiteni. Ukatumbula chithupsa cha mnzako ukhalepo mpaka bala liume. Masiku ano sitichita sewero m'mudzi umene sitingabwerereko mawa lake, sititenga nkhani ya munthu iye asanalole, ndipo tisanalize ng'oma timayamba tadziwa kuti wina akaulula nkhanza pabwalopo timuperekeza kwa ndani, kwa nyakwawa, ku Victim Support ya kupolisi kapena kwa a zachisamaliro cha anthu ku boma, komanso ndani alipire kabaza poti zambiri zimathera pa ndalama ya kabaza yomweyo.

Kukhala ndi obwera si kwachilendo kuno. Nkhondo ya ku Mozambique itavuta kuyambira 1986 boma la Nsanje linadzaza ndi othawa kwawo, ku Mankhokwe, ku Nyamithuthu, mpaka kuchuluka kuposa eni akefe, ndipo tinakhala nawo mpaka mtendere wa 1992 utabwera, ena anakwatira konkuno sanabwererenso. Kumapeto kwa 2024 ndi kumayambiriro kwa 2025 anabweranso ena kuthawa zipolowe za chisankho, ku Nyamithuthu komweko. Mavuto ake ndi omwewa, mjigo, nkhuni, malo olima, ndani walandira ndani sanalandire. Palinso mabala akale amene sitinawatsukepo. Amene ankamenya anthu chifukwa cha makadi a chipani ndi amene ankamenyedwawo akukalamba m'mudzi umodzi, amakumana pa maliro, kupatsana moni bwinobwino nkhani osaikamba. Dziko lino silinakhalepo pansi kuuzana zoona ngati anachitira a ku South Africa, tinangokhala ndi National Compensation Tribunal ija yomwe inatsekedwa patatha zaka khumi ambiri asanalandire chipukuta misozi chawo. Madzi saiwala khwawa a Mkonzi, ife a kuno mwambi umenewu sitichita kuuzidwa, ndipo chidani chosakambidwa chimangodikira nthawi ya kampeni kapena maliro ngati a mnyamata wathu uja.

Nde popeza mu 2022 aphungu anavomereza lamulo la mtendere ndi umodzi ndipo Malawi Peace and Unity Commission ilipo, pempho langa n'loti ntchito yawo isathere m'mahotela. Pafupifupi mudzi uliwonse kuno uli ndi achinyamata okonda drama, kusukulu, ku tchalitchi, ku makalabu, luso loseketsa ali nalo kale, chomwe akusowa ndi wowaphunzitsa kuimitsa sewero, kufunsa funso n'kutseka pakamwa, poti chovuta kwambiri kwa ife aphunzitsi ndi chimenecho, kufunsa osadziyankha wekha. Mabungwe odziwa ntchitoyi alipo m'dziko muno, a CRECCOM ndi a ArtGlo ku Zomba, a Theatre for a Change ku Lilongwe, a Story Workshop ku Blantyre, atsike mapiriwo adutse pa Thabwa adzaphunzitse magulu athu kwa masabata osati tsiku limodzi, kenako atisiye tizichita tokha m'chilankhulo chathu. Ndalama ya tenti ndi jenereta ndi mafuta a galimoto ya tsiku limodzi lija ikhoza kuyendetsa kagulu ngati kathu miyezi ingapo. Nawo a wailesi zathu za Nyanthepa ndi Gaka akanamajambula za pabwalozi, osati sewero lokha ayi koma pomwe anthu alowapo paja, bola eni mawu alole.

Ndipo inu a nyuzi, mtolankhani wanu asamabwere pokhapokha nyumba itapsa kale. Panopa tikukonza sewero lina la ng'ombe zomwe zimadya chimanga ndi mbatata m'madimba, nkhani yomwe chaka ndi chaka imatulutsa zikwanje pakati pa oweta ndi olima, ng'ombe kutemedwa miyendo, tiana tolisha kumenyedwa chifukwa cha ziweto zomwe si zawo n'komwe. Tikufuna tidzalionetse madzi akaphwa anthu akatsikira ku dimba. Akwere minibasi ya ku Nsanje atsikire pa Bangula, afunse a kabaza za aphunzitsi a drama amufikitsa, koma abwere ndi chipewa ndi madzi akumwa ndipo asafike 3 koloko isanakwane. Vuto lomwe tili nalo pano n'loti wosewera mwini ng'ombe sanapezekebe, anyamata onse akukana poti eni ng'ombe enieniwo ndi omwe amawalemba ganyu, nde zikuoneka kuti jekete lija ndivala ndine, wezulo ndimupatsa mtsikana wa ku mjigo uja.

Mphunzitsi wopuma,
Bangula, Nsanje